Mapepala a Chigayo cha Estina

Pa kambi ina ya apolisi kufupi ndi Mpanshya panali wapolisi dzina lake Oswell, munthu wamtima wabwino koma waphuma lotopetsa. Mukamuuza kuti madzi aphwa, iye anali atavula kale nsapato.

M'chaka cha 1994 kunabwera Estina, mayi wamasiye, maso ali psuu. Maliro a mwamuna wake atangotha, mlamu wake Benard analanda chigayo chimene chinkadyetsa ana, natenganso mapepala osonyeza kuti chinagulidwa m'dzina la Estinayo. Popanda mapepalawo, kukhoti akanangopita ndi pakamwa pokha.

"Yali mu bokosi yansimbi, pansi pa bedi yao," anatero Estina monong'ona.

Mkulu wa pakambipo anamulangiza Oswell bwinobwino. "Uyambe wayenda ku Chongwe kwa majisitireti. Ukalumbire, uchule nyumba na mapepala yamene ufuna, akusainile walanti, kalata yokulola kusecha nyumba. Kulibe walanti, usaponde pakhomo paja."

Oswell anamva, koma zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Adikire basi pamsewu mpaka dzuwa kupendeka, chonsecho nyumba ya Benard ili pamphuno? Anasita yunifolomu n'kupalasa njinga, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti chipewa chokha chitsegula chitseko.

Benard anali mkhalakale wa milandu. Anamulandira ndi mpando.

"Ba Oswell, nikutandizeni chani?"

"Nifuna mapepala ya chigayo. Niziba yali mu bokosi pansi pa bedi."

"Oho. Walanti ili kuti?"

Oswell anasisita matumba ngati muli kanthu.

"Kaileteni, bwana," anatero Benard akumwetulira. "Ine sinithaba."

Ulendo umene ankaukana uja anauyendabe, tsopano akutukwana mumtima. Anabwera nayo walanti yodinda bwino, nalowa m'nyumba mwaulemu wonse wa lamulo. M'bokosimo anapezamo mphemvu.

Potuluka anaona madoda ali pansi pa mtengo wa mango, utsi uli tolo. Benard, amene sankapatsa munthu ngakhale machesi, anali atasanduka wopatsa: anagawira mudzi wonse mapepala opichirira fodya. Oswell anatola kotsalira ka ndudu ina, naona m'mphepete mwake chidindo chofiirira cha pa mapepala a chigayo aja chikunyeka. Anapsa mtima, koma akanamanga ndani? Mwini kulakwa anali m'yunifolomu mwake momwemo.

Oswell anakamupeza Estina akusinja chimanga mumtondo, chigayo chake chikulirira wina kutsidya kwa msewu. Anamvetsera zonse osaleka kusinja.

"Ba Oswell," anatero potsiriza, "ninakuuzani pamene yali kuti mukayatenge. Sininakutumeni kuti mukabauze."

Oswell anasowa poika maso. Anakankha njinga yake n'kumabwerera wapansi, pang'onopang'ono, ulendo wake woyamba kuyenda modekha, pamene kudekhako kunalibenso ntchito. Akulu sananame: kuthamanga sikufika.