Wapampando Amene Analima M'njira

Kudera lina lakumapiri, kutali ndi msewu wa tala, kunali mlimi wina wodziwa kuyankhula. Akaimirira pamsonkhano, ngakhale ogona ankadzuka. Dera lakelo linali ndi vuto lalikulu: kuchokera kumidzi kukafika kuchipatala kunali kanjira ka mapazi kokhakokha, kokhotakhota m'minda ya anthu. Njinga ya ambulansi, ija yokoka kangolo kogonekamo wodwala, anthu anali atapatsidwa ndithu, koma inkangochita dzimbiri pakhonde la tchalitchi chifukwa inalibe podutsa.

Mlimi uja anadzipereka. Anthu anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya njira, ndipo anayenda ulendo wa kukhonsolo mpaka nsapato zinatha zidendene. Pamapeto pake a kukhonsolo anavomera. Anati: "Ndalama ya timilatho ndi miyala tipereka ife. Malo mupereke nokha, mamita awiri m'lifupi, kuti ngolo izidutsa bwino."

Zikhomo zosonyeza malire a njira mlimi uja anakhoma ndi manja ake, ngakhale m'mphepete mwa munda wake womwe. Tsiku lotsegulira njira anayankhula mokoma, amayi n'kululutira. Chaka chimenecho palibe wodwala amene ananyamulidwa pachitseko, ndipo aliyense ankamutamanda.

Kenako inafika nthawi yopanga mizere. Mlimi uja atafika kumapeto kwa munda wake anaima, khasu lili m'manja, maso ali panjira. Mtima unamuuza kuti: "Dothi lonseli lizingogona chonchi? Ngoloyo imadutsa kamodzi pasabata." Anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kuunjika mzere umodzi kupyola chikhomo. Umodzi wokha basi. Mnansi wake wa mbali inayo ya njira ataona kuti wapampando watero, nayenso anaunjika wake. Chaka chotsatira wapampando anawonjezera wachiwiri. Ataona kuti njinga zikuthyola masamba a chimanga chake, anabzala khonje m'mphepete monse. Taonani mwano wake! Munthu waba njira ya anthu, ndiye akumanganso mpanda kuti eni njira asamuwonongere zakubazo.

Panali bambo wina dzina lake Lingison, amene ankapalasa ambulansi ija. Tsiku lina anapita kwa iye mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"A tcheya, pamunda panu paja ngolo ikudutsa movutika. Teyala limodzi likumakwera mzere."

"Iwe, njirayi anakaipempha ndiwe? Kaphunzire kupalasa."

Lingison anavala chipewa chake n'kumapita.

Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa masiku atatu osakata. M'mawa wa tsiku lachinayi, Nankhoma, mayi woyembekezera wa mudzi wakumtunda, matenda anamuyamba, ndipo amayi anzake anaona kuti zinthu sizili bwino. Anamugoneka m'ngolo. Lingison anapalasa ndi mphamvu zake zonse, abale akuthamanga pambuyo. Anawoloka timilatho tonse bwinobwino. Atafika pamunda wa wapampando, teyala limodzi linamira m'matope a mzere, linalo linakodwa m'khonje. Kukankha, ayi. Kubweza m'mbuyo, ayi.

Wapampando anali m'munda momwemo akubandira. Amuna anayamba kupondereza chimanga kuti apeze pokhotetsera ngolo. Ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa pa munthu ameneyu, mayi akubuula pamaso pake, anali akuti:

"Ee! Ee! Samalani chimangacho!"

Ine zimenezi zimandiwawa ngakhale pozinena. Anthu anamuyang'ana. Anamutsitsa Nankhoma, n'kumunyamula m'bulangete, miyendo ikumira m'matope. Kuchipatala anafika dzuwa litapendeka. Mayi anapulumuka, koma mwana sanalire.

Mukuganiza kuti mawa lake wapampando anazula khonje lija? Ayi ndithu. Sabata yotsatira anaitanitsa msonkhano, anaimirira, nkhope ili yachisoni.

"Abale anga, atitaya! Njira anatipatsayi ndi yopapatiza. Tilembe kalata kukhonsolo, atipatse ndalama ina yoikuzira."

Ndipo ena anamuombera m'manja. Mwamuna wa Nankhoma anali pomwepo, atazyolika, akumvetsera.

Abale ndi alongo, musamufunefune munthu ameneyu m'midzi ya anzanu, chifukwa wakhala pabenchi lanu lomwelo, wavala malaya anu. Timadziwa kupempha ife. Timagwada, timalira, timati Mulungu atitsegulire njira, abweretse mtendere m'banja, chilungamo m'mudzi, chifundo mumpingo. Mulungu amapereka. Koma njira yake siidutsa m'mwamba, imadutsa m'munda mwako, ndipo imafuna malo: kanthawi kako, kaphindu kako, kaulemu kako kaja umakakamira. Pamenepo ndi pamene timayamba kubweza pang'onopang'ono zimene tinapereka pamaso pa anthu. Bodza limodzi lokha. Kuipidwa ndi m'bale kwa chaka chimodzi chokha. Timati n'zazing'ono, Mulungu saona, pamene mnansi waona kale ndipo akutsanzira.

Choipitsitsa n'chakuti tchimo lotere kawirikawiri silipweteka mwini wake. Iye amakolola, nkhokwe imadzaza. Amene amalira ndi wina, wofooka, amene chithandizo chake chimayenera kudzera mwa iwe, n'kupeza kuti watseka. Ndiye iwe womwewe Lamulungu ukuimirira kutsogolo kudandaula kuti Mulungu wakhala chete, kuti awonjezere madalitso. Manyazi ulibe?

Lero tisapemphe njira ina. Aliyense akudziwa pamene anapyola chikhomo, ndipo akudziwa dzina la munthu amene akuvutika chifukwa cha zimenezo. Pita kwa munthu ameneyo usanabwerenso kudzagwada muno.