Khungu Lachikasu la ku Dalyan

Ine ndadya m'matauni ochuluka kuposa mano amene ali m'kamwa mwanu. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, lero ndili ndi masitolo anayi a matayala, ndipo kuchokera ku Edirne mpaka ku Kars, malekezero a dziko lathu lino, palibe nyumba yodyera yolongosoka imene sinandipukutirepo mpando. Ndiye ndikati mbale imodzi imandikwanira kudziwa ngati munthu ntchito aipeza kapena abwerera chimanjamanja, musanditsutse. Imvani za mnzanga Durmuş.

Durmuş ndi wa ku Sivas, kumtunda kumene nyanja amaionera pa kanema. Anakulira nyama ya nkhosa, nalemera ndi malole onyamula mbatatesi. Chaka chimenecho anagulitsa munda wa malemu bambo ake n'kugula malole awiri a firiji, koma katundu woti azinyamula analibe. Malole anangoti njo pabwalo, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Ine, poti ndimadziwana ndi aliyense, ndinamupezera Mayi Perihan a ku Dalyan, amene ankatumiza nsomba ku Istanbul sabata iliyonse ndipo ankafuna wonyamula watsopano. Anatiitana kuti tikadye nawo masana.

Tili m'njira ndinamulangiza. "Achimwene, kumeneko ndi kwa eni madzi. Chimene simukuchidziwa mufunse."

"Ndifunse, ine?" Durmuş anapotokola ndevu zake. "Wofunsa amaoneka mlendo, ndipo mlendo amamudula pamtengo. Ndawauza kale pa foni kuti nsomba ndanyamula zaka khumi."

"Nsomba zake ziti?"

"Za m'chitini. Nsomba ndi nsomba, iwe."

Tinawapeza mayiwo atakhala kale pansi pa mthunzi m'mbali mwa mtsinje, munthu wamfupi, wamaso akuthwa ngati mbedza. Woperekera zakudya, mkulu wadazi dzina lake Cevdet, anayala timbale ta meze, tizakudya toyambira, tebulo lonse: mabiringanya ootcha, nyemba zosinja, masamba a m'nyanja othira adyo. Durmuş ankalawa chilichonse akugwedeza mutu ngati woweruza. Mpaka apo tinali bwino.

Kenako Mayi Perihan anakodola Cevdet. "Tabweretsa aja a chaka chatha. Alendo athuwa ndi odziwa."

Anabwera mazira a nsomba, chuma cha ku Dalyan. Amawathira mchere, kuwaumitsa, n'kuwaviika m'phula la njuchi kuti asawonongeke, ndipo kambale kamodzi mtengo wake ndi wa tayala labwino. Cevdet anawadula tizidutswa topyapyala, kalikonse kofiirira mkati, kozunguliridwa ndi mkombero wachikasu. Mwana aliyense wa kumeneko amadziwa kuti mkomberowo umasenda.

"Bwana, kunjaku muyambe mwa..." Cevdet anayamba.

"Iwe, ukuphunzitsa nsomba kusambira?" Durmuş anamudula. Anabaya kachidutswa ndi foloko, ponyu m'kamwa, chonsecho.

Pomwepo ndinadziwa kuti ntchito yapita. Ndinamuponda phazi kunsi kwa tebulo.

"Muli ndi amphaka amwano kuno," anatero, akutafuna.

Anatafuna. Anatafunabe. Mazira anasungunuka kalekale, koma phula silimva mano. Nsagwada zinkayenda ngati za ng'ombe yobzikula, thukuta lili kamukamu pamphumi, mitsempha ya m'khosi itaima. Pomaliza anatseka maso n'kumeza.

"Mwawamva bwanji, bambo Durmuş?" mayi aja anafunsa.

"Abwino. Koma chokoma kwenikweni ndi khunguli. Anthu ambiri sadziwa."

Mayi Perihan anatenga kachidutswa kawo, nasenda phula pang'onopang'ono ndi chikhadabo, poyerayera kuti munthu aone, naliika m'mbali mwa mbale. Umenewo unali mlatho woti mnzanga awolokerepo ulemu wake uli wouma. Akanangoseka n'kunena kuti pepani, ife a kumtunda tazolowera nkhosa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Durmuş akalowa m'matope amaponda mafuta.

"Achemwali, mukutaya ndiwo!" anatero, natambasula foloko n'kutola phula la m'mbale ya mayiwo. Anatolanso langa. Cevdet anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi nsalu yopukutira, ndipo posakhalitsa mitu ya ophika inayamba kusuzumira pakhomo umodziumodzi.

Pa chidutswa chachisanu ndi chinayi zinthu zinafika pamwana wakana phala. Durmuş ali ndi mano anayi apatsogolo oikirira, amene anagula ku Kayseri motchipa. Anatsegula pakamwa kuti atchule mtengo wake pa ulendo umodzi, koma mano anatsalira m'phula. Mpira wachikasu unagwera m'mbale, mano anayi akutisekerera tonse.

Ndi bakha yekha anayankha kumtsinje.

Mayi Perihan anapukuta zala chimodzichimodzi. "Bambo Durmuş, kusadziwa si mlandu. Ine nditapita kwanu ku Sivas, mutu wa nkhosa sindingadziwe poyambira, ndipo ndingakufunseni. Koma inu mwameza phula lokwana kandulo ya mu mzikiti, wokuuzani ataima pambali panu. Mawa firiji ikayamba kulira mwachilendo pamsewu, mudzafunsa ndani? Nsomba zanga zidzafika ku Istanbul zikuyenda zokha."

"Atsemwali, tikambilane," anatero Durmuş, mawu akutulukira pampata.

"Idyani kaye nsomba yootcha ikubwerayo. Minga yake musadye, ndanena ndekha poti simufunsa."

Ntchito inapita kwa mkulu wina wa ku Denizli wa lole imodzi yakale, munthu wotopetsa amene amafunsa ngakhale dzina la mchere. Durmuş anadikira miyezi isanu, kenako anagulitsa malole aja pa theka la mtengo n'kubwerera ku mbatatesi. Munda wa bambo ake lero mwini wake ndi wina, ndipo akamadutsa pamenepo amayang'ana kumbali. Mimba inamutseka masiku atatu. Nkhani inafika ku Sivas ife tisanafike, sindikudziwa kuti inadzera kwa ndani, ndipo mpaka lero akalowa m'nyumba ya tiyi anzake amafuula kuti, "Zimitsani machesi, Kandulo wafika!"

Mwambiwu akuluakulu ankaunena mophiphiritsa, osadziwa kuti kudzabadwa munthu wa ku Sivas woutsatira ndi foloko: safunsa anadya phula.