Dzungu la Tepeka

Kunali bwana wina, a Kachingwe, amene anagula nkhalango kuti amangemo nyumba za lendi. Tsiku lina wantchito wawo, Tepeka, akuzula zitsa anapeza ngaka, nyama ya mamba ija, itadzipinda ngati mpira.

Bwana ataiona anatuluka thukuta. Ngaka ndi nyama yotetezedwa, ndiye a boma oyang'anira nyama zakutchire anali kubwera Lachisanu kudzayendera malowo. Akanangoiona, zomanga zikanathera pomwepo.

"Iwe Tepeka, iponye m'saka ukaitaye mumtsinje. Ukakana, ntchito yatha."

Kukana kunali njala, kuvomera kunali ndende. Tepeka anakanda m'mutu.

"Chabwino bwana, koma inu muime patali. Ngaka ikaona nkhope ya munthu wolemera, chuma chimasungunuka."

Bwana anakabisala kuseri kwa chulu n'kumasuzumira. Anaona saka lonenepa likugwera m'madzi kuti chubwi, mtima wawo n'kukhala pansi.

Lachisanu a boma aja anafika. Bwana anadziguguda pachifuwa.

"Muno mulibe ngakhale khoswe, akuluakulu. Fufuzani."

Asanatseke pakamwa, ngaka inatuluka kunsi kwa galimoto la bwanayo, ikuyenda mwachifatse ngati mwini malo.

"Iwe Tepeka, si ija unaitaya mumtsinje ine ndikuona?"

A boma onse anatembenukira kwa bwana.

"Ine ndinataya dzungu lowola, bwana," anatero Tepeka. "Kodi inu mumafuna nditaye chiyani?"

Zomanga za bwana zinathera pomwepo. A boma anamulemba Tepeka ntchito yolondera nkhalangoyo, ndipo ngaka ikukhalamobe, lendi osalipira.