Omkar Anaipeputsa Yekha Sipika Yake

Mu shopu ya Omkar Bhalerao ku Pune munkanunkha waya wopserera. Mmenemo ndimo anapangira sipika yomwe imamvetsera yokha mmene mawu akubwerera kuchokera kumakoma, n'kudzichepetsera kapena kudziwonjezera mabesi. Mlongo wake wamkulu, Mrunal, amene anali loya, anavutika zaka zinayi kuti boma lipereke chikalata choletsa ena kukopera lusolo. Kenaka kampani ina ya mumzinda wa Noida inakadandaula kukhoti kuti chikalatacho chifafanizidwe, ati mmisiri aliyense akanaliganiza luso limenelo.

"Mlandu wonse wagona pa funso limodzi: kodi chinali chovuta kuchitulukira?" Mrunal anamuuza. "Mawa ku koleji akuitana kuja usakayerekeze kuchipeputsa."

"Achemwali, inu dziwani za mapepala. Za sipika ndisiyireni."

"Iwe ndinakubereka kumbuyo uli ndi mamina. Ukaona anthu akuwomba m'manja umaledzera."

Mrunal anapita nawo, nakhala kumbuyo. Akuluakulu a kolejiyo anamuveka Omkar nkhata ya maluwa, namupatsa kokonati. Wophunzira wina anafunsa kuti ntchitoyo inatenga nthawi yaitali bwanji. Mrunal ankadziwa yankho: chaka ndi theka, masipika makumi anayi opserera. Koma Omkar sankafuna kuoneka kuti anakhetsapo thukuta.

"Masana amodzi basi!" anatero akuseka. "Maikolofoni inalipo kale, sefa ya mawu inalipo kale. Aliyense wa chaka chachiwiri akhoza kuzilumikiza tiyi asanazizire."

Holo yonse inawomba m'manja. Mrunal anangoyang'ana mafoni amene anali m'mwamba akujambula.

Tsiku la mlandu, loya wa ku Noida sanadzivute n'kulankhula zambiri. Anangoonetsa kanema wa ku koleji uja kawiri.

"Mawu awa ndi anu?" mkulu woweruza anafunsa Omkar.

"Zinali zocheza chabe, bwana."

Mrunal anaunjika patebulo makope a zoyeserera zonse zimene zinalephereka, nafotokoza mpaka mawu kusasa. Mkuluyo anawavundukula pang'onopang'ono.

"Mayi, makopewa akuti zinali zovuta. Mwini wake akuti n'za mwana wa sukulu. Ndimutsutse ndine?"

Chikalatacho chinafafanizidwa. Pofika chikondwerero chachipembedzo cha Ganesh, masipika a ku Noida anali akugunda m'misewu ya Pune, ena pakhomo penipeni pa shopu ya Omkar. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.