Getsi la m'chipinda cha kansomba

Bambo ena adagwira ntchito ya magetsi zaka makumi atatu, ndipo ngakhale atapuma, manja awo sadapume. Akalowa m'nyumba ya munthu, maso ankayamba kupereka moni kumasoketi, eni nyumba pambuyo. Mdima ankadana nawo ngati njoka.

Tsiku lina mzime wawo, mtsikana wofufuza za nsomba, adawatenga kuti akaone kuntchito kwake. M'thanki ya galasi ankasungamo kansomba ka m'nyanja ya mchere, kotalika ngati chala, komwe sitima idakavuula pansi penipeni pomwe dzuwa silifika. Kumeneko n'kozizira ndiponso kwa bii, n'chifukwa chake kansombako kali ndi maso akuluakulu otola kuwala kochepa, komanso timadontho kumimba toyaka tokha. Tinzake tonse tidafera m'njira. Mtsikanayo adali atadikira zaka ziwiri kuti apeze kamoyo, ajambule timadonthoto tikuyaka.

Chipindacho chidali chozizira, mawindo omata ndi pepala lakuda, ndi kagetsi kamodzi kofiira kongonyezimira. Asadafotokoze kanthu, foni yake idalira.

"Ababa, khalani pampandopa, ndikubwera. Musagwire kalikonse."

"Ine ndigwirenji, mayi?" adatero bambowo, manja ali kumbuyo.

Koma mtima udawawawa. Mwana wawo wophunzira chonchi azigwira ntchito mumdima ngati mleme, bambo ake ali moyo? Adatuluka n'kukazula babu loyera kukhonde, n'kukwera pampando, mawondo akudandaula, n'kuliika m'chipindamo. Chipinda chonse chidangoti ngwee. Kansombako kadazungulira, kadadziomba kugalasi kawiri, kenako kadagona cham'mbali pakona.

Mtsikanayo polowa adathamangira kuswichi.

"Ababa, mwatani?"

"Ndakukonzera, mayi. Ukadapweteka maso."

"Apweteka ndi ake. Kuwala kotere sikadakuonepo chibadwire."

Kansombako sikadadyenso, ndipo kadafa tsiku lachitatu. Bambowo adadikira kukalipiridwa, koma mwanayo sadakalipe, ndipo zimenezi ndizo zidawabaya kwambiri. Adangobwera nako kunyumba m'kabotolo, n'kukhala nawo pafupi, n'kuwapatsa galasi lokulitsa zinthu.

"Taonani kumimbaku, ababa. Izi ndi nyali. Zilibe waya, zilibe batire. Ndidayamba kuitana inu, abwana anga asadaone, poti ndimadziwa kuti inu ndi amene mukadazikonda. Mukadangokhala mumdima muja mphindi khumi, zikadakuyakirani."

Bambowo adayang'anitsitsa timadonthoto, tondandalikana bwino m'mizere iwiri, ntchito yaukhondo yoposa yonse yomwe adaigwirapo. Ali mkati moyang'ana, galasi lidachita nkhungu ndi misozi. Mwanayo adawalanda galasilo n'kuwapukutira ndi mpendero wa malaya ake.

Chikondi bambowo adali nacho, luso nalo lidalipo lodzaza manja. Chidasowa ndi funso limodzi lokha, loti, "Kodi muno mwadetsamo dala?" Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.