Mbaula Yodikira Armand

Kuno kumpoto kwa Maine, ku America, nyumba ikazizira mu Januwale si nkhani yoseketsa. Mayi Odile Cyr ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe, poti anakalambira momwemo.

Chaka chimene amuna awo anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo, Armand, anawapempha kuti asamukire naye ku Dakota, dera lakutali kwambiri, kumene anapeza ntchito. Iwo anamuyankha mwaukali wa chisoni kuti, "Pita wekha. Ine sindine katundu woti uzinyamula." Armand anawaikira mbaula yotenthetsera nyumba, yodya timibulu ta utuchi, kuti asamavutike kuwaza nkhuni, kenako anapitadi. Panatha zaka zinayi osapondanso pakhomopo.

Mu Novembala wa chaka chachinayicho, moto unayamba ulesi. Lawi linkangogwedezeka lofiirira, galasi la pachitseko linkada mwaye tsiku limodzi, ndipo nthawi zina mbaula inkazima yokha. A Gilman Ouellette, oyandikana nawo, anagwada n'kusolola kabokosi ka phulusa ka pansi. Chingwe chomatidwa m'mphepete mwake, chotsekereza mpweya, chinali chitamatuka mbali imodzi. Anapanikiza kapepala pakamwa pa kabokosiko, n'kutseka, n'kukoka. Kapepalako kanangotuluka kopanda chokagwira.

"Odile, mbaula yanuyi ikupumira kolakwika," anatero a Gilman. "Chingwe chatsopano ndi guluu ndili nazo m'galaja. Khofi asanazizire ndikhala nditamaliza."

"Isiyeni. Mwini wake adzakonza pa Khirisimasi."

"Mwamuuza kodi?"

"Ndi mwana wanga amene uja. Akudziwa."

"Akudziwa bwanji? Mwamutumizira uthenga ndi utsi?"

"Gilman, imwani khofiyo muzipita. Manja anuwo anapha kale mathalakitala awiri, mbaula yangayi ayi."

A Gilman anaseka, koma anatuluka akupukusa mutu.

Apa ndi pamene mayiwa amandikwiyitsa, komanso ndi pamene amandimvetsa chisoni. Chingwe chomatukacho ankachisunga dala. M'nyumba monsemo, ndicho chokha chimene chinatsala chofuna manja a Armand. A Gilman akanachikonza, mwanayo akanabweranso kudzatani? Komatu pakamwa pawo sipankalola. Lamlungu lililonse masana foni inkalira.

"Amayi, mbaula ikuyaka bwino?"

"Ngati tsiku lomwe unaiika."

"Nanga inuyo? Palibe chikusowa?"

"Ndisowe chiyani ine? Usadzivutitse, gwira ntchito."

Akaika foni, ankakwera masitepe mogwira khoma kukayala bedi la Armand, ngakhale linali loyala kale. Anaphika mapayi a nyama asanu ndi limodzi, okometsera momwe iye ankakondera ali mwana. Galimoto ikadutsa pang'onopang'ono pamsewu, ankaimirira pawindo mpaka itakhota. Ankamusowa mwana wawo moti chakudya sichinkatsika.

Khirisimasi inafika, Armand anatumiza maluwa ndi juzi. Mayi Cyr anagawa mapayi aja kutchalitchi, akuuza aliyense kuti anangophika ochuluka mosadziwa. A Gilman anabweranso ndi chingwe m'thumba, koma mayiwo anawabweza pakhomo. "Mwina Isitala," anatero.

Sabata yachitatu ya Januwale kunagwa chisanu chong'amba mitengo. Mbaula inazima, ndipo ulendo uno inakana kuyakanso. Manyazi anawaletsa kuimbira munthu amene anamubweza kawiri. Tsiku lachiwiri, a Gilman ataona kuti pachumuni sipakutuluka kanthu, anakankha chitseko. Anawapeza pampando atavala chijasi cha malemu amuna awo, milomo itada, akulankhula zosamveka. Mapaipi a madzi anali ataphulika m'makoma.

Chibayo chinawagoneka m'chipatala milungu itatu, n'kuwasiyira mapapo ofooka. Madokotala ananena mosapita m'mbali kuti zokhala okha zatha, ndipo ulendo wautali sangaukwanitse. Anawapezera chipinda kunyumba yosamalirako okalamba m'tauni. Nyumba yawo inayenera kugulitsidwa.

Armand anabwera, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu. Tsiku lokatenga zovala, anawakhazika amayi ake pampando womwe uja, n'kugwada patsogolo pa mbaula. Ogula nyumbayo anali atapempha kuti aipeze ikugwira ntchito. Anapala guluu wakale, n'kupaka watsopano, n'kuyala chingwe mofatsa osachikoka, n'kudula chotsala. Sanayang'ane kumbuyo pamene ankalankhula.

"A Gilman andiuza zonse, Amayi. Kachingwe aka basi?"

Anapukuta manja, n'kupitiriza.

"Chaka chilichonse ndinkapempha tchuthi cha Khirisimasi, kenako n'kuchibweza. Ndinkaopa kuti mudzati ndabwera kudzakunyamulani. Chaka chathachi ine ndi mkazi wanga Colette tinagwirizana kuti mukangonena kuti mwatopa, tibwerera kuno tidzakhale nanu m'nyumba muno. Ndinakufunsani Lamlungu lililonse. Titaona kuti muli bwino, mu Disembala tinagula nyumba komweko."

"Ndinkafuna ubwere wekha, mwanawe," anatero mayiwo. "Osati chifukwa choti ndapempha."

"Inenso ndinkafuna mundiitane."

Guluu atauma, Armand anayatsa. Timibulu tinayamba kugwa, lawi linadumpha loyera ndi lamphamvu, ndipo kutentha kunadzaza chipinda monga kale. Mayi Cyr anatambasula manja kuotha, mwana wawo ali pambali, misozi ikutsika osaipukuta. Anakhala choncho ola limodzi lokha, chifukwa okalamba kumene ankapitako amadya chamadzulo faifi koloko, ndipo Armand ankayenera kukwera ndege m'mawa mwake.

Anthu atsopano akuti mbaulayo siinawavutepo. Mayi Cyr ali m'chipinda chofunda bwino, chopanda moto, ndipo Lamlungu foni ikalira amanena zoona tsopano, pamene zoonazo sizingasinthe kanthu. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.