Mphatso za Naana

Mu shopu yometera ya kuseri kwa msika wa Takoradi munali mipando iwiri. Wina unali wa Kobina, bambo wa ana atatu. Winawo unali wa Ebo, mnyamata waluso pometa, koma waluso koposa pa mpira wa pa foni. Kwa zaka zitatu anali akumanga timu yake m'gemumo, ndipo m'gulu la osewera anzake a pa intaneti dzina lake linkalemera.

Tsiku lina m'gulumo munalowa mtsikana wotchedwa Naana. Ebo akagoletsa, woyamba kumutamanda anali iyeyo. Sabata isanathe, anamutumizira osewera awiri odula, aulere.

"Achimwene, taonani kuno!" anatero Ebo, akuonetsa Kobina chithunzi. "Mwana wa ku Accra ameneyu. Akuti katswiri ngati ine sanamuonepo."

Kobina anakutumula nsalu yometera. "Mawu ake unawamvapo? Unamuonapo akuphethira?"

"Kamera yake inafa."

"Aise, munthu wogulira mlendo osewera odula alephere kukonzetsa kamera? Iwe uli ndi Ekua, ukwati ndi Disembala yomweyi. Wokupatsa zaulere amadziwa pomwe adzadyere."

"Nsanje, mdala! Inu foni yanu ntchito yake ndi tochi basi."

Makasitomala anafa nacho chiseko. Kobina anangopitiriza kumeta.

Macheza anachoka pagulu n'kulowa kumbali. Naana anatumiza zithunzi zake, n'kupempha za Ebo, ndipo Ebo anatumiza zimene ngakhale kalilole akanachita nazo manyazi. Kenako kunabwera nkhani ya mpikisano waukulu ku Accra. Chofunika chinali kuti Ebo angolemba mawu ake achinsinsi a gemu pa tsamba limene Naana anatumiza, ndi nambala imene ikanafika pa foni. Analemba zonse. Masana amenewo anagulira shopu yonse kenke, nsima yowawasa ya kumeneko, ndi nsomba yokazinga, akuvina mashini ali m'manja.

Kutacha, gemu inamukana ngati mlendo. Asanamvetse, foni inalira.

"Mwadzuka bwanji, katswiri?" Anali mawu a mwamuna, okhuthala, osafulumira. "Ndine Naana."

Munthuyo anayamba kutchula mayina: Ekua, amayi ake a Ebo, gulu la kwaya ya kutchalitchi. "Unditumizire ndalama, masedi zikwi ziwiri, dzuwa lisanafike pamutu. Apo ayi, onsewa aona mmene Mulungu anakuumbira."

Kobina anali pomwepo, akupukuta mpando. Ebo anafuna kumuuza, koma atakumbukira za tochi zija, analeka. Anagulitsa mashini ake awiri, n'kutumiza ndalamazo. Patapita masiku atatu foni inaliranso, ndipo nsalu ya kente imene anasungira ukwati inapita. Ulendo wachitatu analibenso chogulitsa.

"Bwana, chonde, ndatha. Ndichitireni chifundo."

"Chifundo amagawa kutchalitchi," anatero mwamunayo. "Tikakumana komweko."

Lamulungu, kwaya ikukonzeka kuimba, mafoni anayamba kunjenjemera imodziimodzi, zithunzi zija zikulowa. Ebo anaona mitu ikuwerama, kenako ikutembenukira kwa iye. Amayi ake anatuluka atafunda mpango kumaso. Ekua sanalire, sanakalipe. Madzulo mlongo wa Ekua anabweretsa mphete itakulungidwa m'pepala, n'kuisiya pakhomo osapereka ndi moni womwe. Nako kugulu la gemu, wakuba uja anali atapempha ndalama kwa anthu m'dzina la Ebo, ndipo amene ankamutcha katswiri tsopano ankamutcha mbava.

Lolemba anafika ku shopu manja ali lende. Kobina anatsegula kabati n'kutulutsa mashini akale, a chingwe chomata ndi tepi.

"Tenga. Ukanandiuza tsiku loyamba lija, bwenzi titapita kupolisi, bwenzi Ekua atamva kuchokera pakamwa pako. Fisi ukamuponyera fupa sachoka pakhomo."

"Ndinaopa kuti mundiseka."

"Ine? Pano woseka mnzake unali iwe."

Ebo anayatsa mashiniwo. Ankalira ngati njinga yamoto yokalamba, ndipo pa benchi panali anthu anayi, koma aliyense ankati adikira Kobina. Anaima choncho kuseri kwa mpando wopanda munthu, akuganiza za mphatso zija ndi mmene anavinira, osadziwa kuti mtengo wake unali utakambidwa kale. Akuluakulu sananame: mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.